Poland itasiya chikomyunizimu: chinatukula dzikoli n'chiyani, ndipo analipira ndani?

Pa 1 Januwale 1990, malamulo khumi atsopano a zachuma anayamba kugwira ntchito ku Poland, onse tsiku limodzi. Boma linasiya kulamula mitengo ya katundu wambiri, linadula ndalama zimene linkathira m'makampani ake, linakweza chiwongoladzanja, ndipo linalengeza kuti dola imodzi ya ku America izisinthidwa ndi ma zloty (ndalama ya dzikolo) 9,500 osasuntha. Mwezi umenewo wokha mitengo inakwera ndi pafupifupi 80 peresenti. Malipiro sanakwere nawo motero, moti chaka chimenecho mphamvu ya malipiro a munthu wapantchito inatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuyandikira pamenepo.

Lero Poland, dziko la anthu oposa 37 miliyoni, lili pa nambala 6 pa mayiko a chuma chachikulu m'bungwe la European Union (EU). Kuyambira 1992 mpaka 2019 panalibe chaka ngakhale chimodzi chimene chuma chake chinabwerera m'mbuyo. Mu 1990 munthu wa ku Poland ndi mnzake wa ku Ukraine sankasiyana kwenikweni pa kapezedwe, koma pofika 2021, Russia isanayambitse nkhondo yaikulu ija, wa ku Poland ankapeza kuposa katatu.

N'chifukwa chake dzina la Poland silisowa pakamwa pa anthu amene amalangiza mayiko osauka kuti amwe mankhwala owawa kamodzin'kamodzi. Amati onani, aja anapirira zaka ziwiri ndipo anachira. Sakunama, koma akunena theka la nkhani. Theka linalo ndi ngongole imene inakhululukidwa, makampani aakulu amene sanagulitsidwe mothamanga, khomo la ku Ulaya limene linali lotseguka, komanso anthu mazanamazana amene kuchirako sikunawafike mpaka anakalamba. Theka limeneli ndi limene ine ndimaona kuti tiyenera kulimvetsa bwino.

Mmene zinthu zinafikira pamenepo

Mu ulamuliro wa chikomyunisiti, boma ndilo linali mwini wa mafakitale, migodi, mabanki ndi masitolo akuluakulu. Akuluakulu a ku Warsaw, likulu la dzikolo, ankalemba pulani yonena kuti fakitale yakutiyakuti ipange nsapato zingati, ndipo mtengo wa nsapatozo ankaika ndi iwo omwe. Bwana wa fakitale sankada nkhawa ngati katundu wake sakugulidwa kapena ngati kampani ikuluza, chifukwa boma linkakwirira dzenjelo. Boma likasowa ndalama linkangosindikiza zina. Zotsatira zake zinali zoti anthu ndalama anali nazo m'thumba koma m'sitolo munalibe choti agule. Mizere ya nyama, batala, sopo ndi pepala la kuchimbudzi inali gawo la moyo wa tsiku ndi tsiku. Amene anali ndi madola ankapita ku masitolo a boma otchedwa Pewex, kumene katundu wakunja ankapezeka koma zloty sankailandira.

M'zaka za m'ma 1970 mtsogoleri wa chipani, Edward Gierek, anayesa kuthawa vutoli pokongola ndalama zambiri ku mayiko a kumadzulo. Maganizo ake anali oti amange mafakitale amakono, agulitse katundu kunja, abweze ngongoleyo. Kwa zaka zingapo moyo unaoneka ngati ukukoma. Koma katundu wa m'mafakitalewo sanapeze msika, chiwongoladzanja padziko lonse chinakwera, ndipo ngongole inatsala pakhosi. Mu 1976 shuga anayamba kugulidwa ndi makuponi, ndipo mu 1981 nyama nayo inalowa m'makuponi. Pofika 1989 dzikoli linali ndi ngongole yakunja ya madola pafupifupi 40 biliyoni imene silikanatha kubweza.

Ogwira ntchito ndi amene anayamba kugwedeza ulamulirowo. Mu Ogasiti 1980 anthu opanga zombo ku Gdańsk ananyanyala ntchito motsogozedwa ndi Lech Wałęsa, yemwe anali wokonza zamagetsi pamalopo, ndipo m'menemo munabadwa bungwe la ogwira ntchito la Solidarność. M'chaka chimodzi linali ndi mamembala pafupifupi 10 miliyoni. Pa 13 Disembala 1981 mkulu wa asilikali, Wojciech Jaruzelski, anaika dziko pansi pa ulamuliro wa asilikali n'kuletsa bungweli, koma chuma sichinamve lamulo la mfuti. Kumayambiriro kwa 1989 boma linavomera kukhala pansi ndi otsutsa, ndipo pa chisankho cha pa 4 Juni chaka chomwecho Solidarność inatenga mipando 99 mwa 100 ya nyumba ya Senate, ndi mipando yonse imene inaloledwa kupikisanapo m'nyumba yaikulu ya malamulo. Tadeusz Mazowiecki anakhala nduna yaikulu yoyamba yosakhala ya chikomyunisiti m'chigawo chonsecho.

Boma lochokalo linasiya moto ukuyaka. Pa 1 Ogasiti 1989 linamasula mitengo ya zakudya koma likupitiriza kukweza malipiro ndi kusindikiza ndalama. Mu Okutobala mokha mitengo inakwera ndi oposa 50 peresenti, ndipo pakutha pa chaka inali itakwera ndi oposa 600 peresenti poyerekeza ndi Disembala wa chaka cham'mbuyo. Amene amaweruza Leszek Balcerowicz, katswiri wa zachuma amene Mazowiecki anamupatsa unduna wa zachuma, ayenera kukumbukira zimenezi. Sanalandire chuma choyenda bwino n'kuchisokoneza ayi.

Balcerowicz, mothandizana ndi alangizi akunja monga Jeffrey Sachs wa ku America komanso bungwe la IMF, ankakhulupirira kuti boma latsopano lili ndi nthawi yochepa pamene anthu angalolere zowawa chifukwa cha chisangalalo cha ufulu, ndipo kuti nthawiyo ikadutsa palibe chingatheke. Ndiye anachita zonse pamodzi. Banki yaikulu inaletsedwa kusindikizira boma ndalama mwachisawawa. Makampani a boma anauzidwa kuti akaluza atha kugwa. Kampani yokweza malipiro kupyola malire oikidwa inkalipira msonkho woopsa umene anthu ankautcha popiwek. Chiwongoladzanja cha banki yaikulu mu Januwale 1990 chinali 36 peresenti, osati pachaka koma pamwezi. Malire a dziko anatsegulidwa kuti aliyense aitanitse kapena kutumiza katundu kunja. Ndipo pofuna kuti anthu akhulupirire mtengo wa 9,500 uja, mayiko a kumadzulo anasonkha thumba la madola 1 biliyoni loti likhale chitetezo ngati zloty itagwedezeka.

Choyamba kuoneka chinali katundu. M'milungu yochepa mizere inatha. Alimi ankabwera ndi nyama m'magalimoto n'kumagulitsa m'mphepete mwa msewu. Anthu ankakwera sitima kupita ku Berlin, kukapikula nthochi, khofi ndi zovala, n'kudzayala pa timabedi topinda m'misewu ya Warsaw, Poznań ndi Kraków. Bwalo lalikulu la masewera la ku Warsaw linasanduka msika wa mavenda wotchedwa Jarmark Europa, umodzi mwa misika yaikulu kwambiri ku Ulaya pa nthawiyo, kumene ogula ndi ogulitsa ankachokera ku Russia, Ukraine mpaka Vietnam.

Apa pali mfundo imene ambiri amaidumpha. Lamulo lolola aliyense kuyamba bizinesi silinabwere ndi Balcerowicz. Linakhazikitsidwa mu Disembala 1988 ndi boma la chikomyunisiti lomwelo, kudzera mwa nduna ya zamafakitale Mieczysław Wilczek, ndipo mfundo yake inali yakuti chimene lamulo silinaletse n'chololedwa. Komanso Poland inali yosiyana ndi Soviet Union pa nkhani ya minda: kulanda minda ya anthu kuti ikhale ya gulu kunalephereka mu 1956, moti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a malo olima anali m'manja mwa mabanja. Anthu odziwa kuwerengera phindu ndi kuluza analipo kale. M'zaka zochepa mabizinesi ang'onoang'ono anapitirira miliyoni, ndipo ndi amenewa, osati makampani a boma ogulitsidwa, amene anayamba kukoka chuma. Chinatsika mu 1990 ndi mu 1991, koma mu 1992 chinayamba kukwera, Poland n'kukhala dziko loyamba mwa mayiko onse ochoka m'chikomyunizimu kubwerera m'njira.

Amene anagwa osadzukanso

Mu 1989 mabuku a boma ankasonyeza kuti malova kulibe. Pakutha pa 1990 anthu oposa miliyoni anali atalembetsa kuti alibe ntchito, ndipo pakutha pa 1993 ulova unapitirira 16 peresenti. Unatsikako pang'ono, kenako unakweranso kufika 20 peresenti mu 2002 ndi 2003. Si pulani ya Balcerowicz yokha imene inachititsa zimenezi. Mu 1991 mgwirizano wa zamalonda wa mayiko a chikomyunisiti, Comecon, unatha, ndipo Soviet Union, imene inkagula katundu wa ku Poland mosayang'ana ubwino wake, inasweka. Mafakitale a nsalu a ku Łódź, amene ankalemba ntchito amayi ambirimbiri, anataya msika wawo wa kum'mawa pa nthawi yomwe zovala zotchipa za ku Asia zinkalowa. Ku Wałbrzych migodi ya malasha inatsekedwa yonse m'zaka za m'ma 1990, ndipo amuna ena anayamba kukumba timaenje tawotawo m'nkhalango kufuna malasha ogulitsa, ena n'kufera momwemo. Ngakhale fakitale ya zombo ya ku Gdańsk, kumene Solidarność inabadwira, inalengezedwa kuti yagwa mu 1996. Ogwira ntchito amene anagwetsa chikomyunizimu anali m'gulu loyamba kutaya ntchito.

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya minda ya boma yotchedwa PGR. Inali minda ikuluikulu, yambiri ili kumpoto ndi kumadzulo m'madera amene Poland inalandira kuchokera ku Germany nkhondo yachiwiri itatha, ndipo inkatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a malo olima. Anthu oposa 400,000 ankagwira ntchito m'menemo. Kwa iwo PGR siinali ntchito chabe. Nyumba inali ya PGR, sukulu ya mkaka inali ya PGR, basi yopita kutauni, kachipatala, malasha otenthetsera nyumba m'nyengo yachisanu, zonse zinkachokera kumeneko. Yambiri mwa mindayi inkaluza ndithu, ndipo palibe boma limene likanaisunga mmene inalili. Koma lamulo la mu Okutobala 1991 linaithetsa popanda kufunsa kuti anthuwo apita kuti. Malo anabwereketsedwa kapena kugulitsidwa kwa amene anali ndi ndalama, ndipo mwini watsopano ankafuna antchito ochepa okha. Otsalawo anakhala m'midadada ya nyumba pakati pa minda, kutali ndi tauni, basi itasiya kubwera. Sakanatha kusamuka chifukwa m'mizinda nyumba zinali zosowa. Anthu a m'migodi anali ndi mabungwe amphamvu ndipo ankatha kupita ku Warsaw kukachita zionetsero mpaka kulandira ndalama zochotsedwera ntchito zooneka. Anthu a m'ma PGR analibe wowalankhulira. M'midzi ina umphawi ndi uchidakwa zinadutsa kuchoka kwa makolo kufika kwa ana, ndipo anthu a m'mizinda ankawanyoza kuti ndi aulesi ozolowera kupatsidwa. Zimenezi sizinali zosapeweka. Linali dala la ndale, kusankha kuti awa angodikira.

Alimi a minda yawoyawo nawo anapsa. Amene anakongola ndalama kubanki chiwongoladzanja chisanakwere anapezeka ndi ngongole yoposa mtengo wa munda wawo. Mwa iwo munatuluka Andrzej Lepper ndi gulu lake la Samoobrona, limene linkatseka misewu ndi kufuula kuti Balcerowicz achoke. Nduna ya zantchito, Jacek Kuroń, munthu amene anakhalapo zaka zambiri m'ndende chifukwa chotsutsa chikomyunizimu, ankaonekera pa wailesi yakanema mlungu ndi mlungu kufotokozera anthu zimene zikuchitika, ndipo ankagawa yekha supu kwa osauka mumsewu. Anthu ankamukonda, koma supu siinathetse mkwiyo. Pa chisankho cha pulezidenti cha mu Novembala 1990, Mazowiecki anagonja ngakhale kwa Stanisław Tymiński, wabizinesi wochokera ku Canada amene miyezi ingapo m'mbuyomo palibe ankamudziwa.

Nanga bwanji sizinathere ngati ku Russia?

Russia nayo inamasula mitengo, pa 2 Januwale 1992, motsogozedwa ndi Yegor Gaidar, ndipo alangizi ena anali omwewo. Chaka chimenecho mitengo inakwera ndi pafupifupi 2,500 peresenti. Chuma chinatsika ndi pafupifupi 40 peresenti m'zaka za m'ma 1990, zaka zimene mwamuna ankayembekezeka kukhala ndi moyo zinatsika kufika cha m'ma 58, ndipo mu Ogasiti 1998 boma linalephera kubweza ngongole zake. Ngati mankhwala anali amodzi, kusiyanaku kunachokera kuti?

Choyamba ndi kagulitsidwe ka makampani a boma. Ku Russia anachita mothamanga. Nzika iliyonse inapatsidwa kapepala ka ma rouble 10,000 koti igulire masheya, ndipo ambiri anagulitsa timapepalato motchipa kwa anthu ochenjera. Mu 1995 boma linapinyolitsa makampani a mafuta ndi a zitsulo kwa eni mabanki ochepa, ndipo ndi mmene Mikhail Khodorkovsky anapezera Yukos, Vladimir Potanin n'kupeza Norilsk Nickel, pa mtengo wochepa kwambiri. Ku Poland zinthu zinachedwa, ndipo alangizi ambiri pa nthawiyo ankadandaula nako kuchedwako. Makomiti a ogwira ntchito m'mafakitale anali ndi mawu, nyumba ya malamulo inkakangana pa chilichonse, manyuzipepala ankafufuza. Pulogalamu yogawira anthu masheya inayamba mu 1995, ndipo inakhudza makampani 512 okha. Ena ankagulitsidwa imodziimodzi, monga fakitale ya magalimoto ya FSM imene Fiat inagula mu 1992. Katangale analipo, ndipo malonda ena anali olakwika: fakitale ya magalimoto ya FSO ku Warsaw inaperekedwa kwa Daewoo ya ku South Korea, imene inagwa patangopita zaka zochepa. Komabe sipanatuluke kagulu ka anthu asanu kapena khumi okhala ndi chuma cha dziko lonse m'manja n'kumalamula boma.

Owerenga a ku Zambia adziwa kulemera kwa mfundoyi. Poland nayo ili ndi migodi yaikulu ya kopa, ya kampani ya KGHM. M'malo moigulitsa yonse kwa wogula mmodzi wakunja, anaiika pa msika wa masheya mu 1997, ndipo mpaka pano boma lili ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, lokwanira kuti lizilamula. Zambia, imene inayamba kusintha chuma chake mu 1991 pansi pa Frederick Chiluba, inamaliza kugulitsa migodi ya kampani ya boma ya ZCCM mu 2000, mtengo wa kopa uli pansi, opereka ngongole akukakamiza kuti igulitse msanga. Anglo American inatenga Konkola chaka chimenecho n'kuisiya mu 2002. Patangopita zaka zochepa mtengo wa kopa unakwera kwambiri. ZCCM inkaluza ndalama zambiri ndipo kusiyana kwa mayiko awiriwa n'kwakukulu, koma mmodzi anali ndi mpata wosankha nthawi yogulitsira, winayo analibe.

Mpata umenewo unachokera pa nkhani ya ngongole. Mu 1991 mayiko olemera a m'gulu la Paris Club anagwirizana zokhululukira Poland theka la ngongole ya madola pafupifupi 33 biliyoni, ndipo America payokha inafafaniza 70 peresenti ya gawo lake. Mu 1994 mabanki akunja nawo anadula pafupifupi theka la zimene ankafuna. Panalibe dziko lina la kapezedwe kotero limene linali litachitiridwa zimenezi, kupatula Egypt imene inalandira zofananazo chaka chomwecho cha 1991. Chifukwa chake chinali cha ndale: mayiko a kumadzulo sankafuna kuti dziko loyamba kuchoka m'manja mwa Moscow lilephere. Zambia inadikira mpaka 2005 ndipo Malawi mpaka 2006 kuti akhululukidwe ngongole zawo zazikulu pansi pa HIPC, ndondomeko yopepukitsira ngongole mayiko osauka, atakhala kale zaka zambiri akutsatira malangizo a IMF ndi World Bank uku akubweza ngongole. Aliyense wotiuza kuti titengere chitsanzo cha Poland ayenera kutchulanso zaka zimenezi.

China ndi chakuti boma la Poland silinaphwasuke. Misonkho inkatoleredwa, makhoti ankagwira ntchito, apolisi sanasanduke antchito a mbava. Mu Meyi 1990 kunachitika chisankho cha makhonsolo, ndipo makhonsolowo anapatsidwa ndalama ndi mphamvu zenizeni zoyendetsera madzi, misewu ndi sukulu. Msika wa masheya wa Warsaw unatsegulidwa pa 16 Epulo 1991, m'nyumba imene kale inali likulu la chipani cha chikomyunisiti, uli ndi makampani asanu okha koma malamulo ake ali okhwima kuyambira tsiku loyamba. Mu 1993 anakhazikitsa lamulo lokakamiza mabanki kuyeretsa ngongole zoipa za makampani a boma. Pa 1 Januwale 1995 anadula maziro anayi pa ndalama, ma zloty akale 10,000 n'kukhala zloty imodzi yatsopano. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1997 analetsa boma kukongola kupyola magawo atatu mwa asanu a chuma chonse cha dziko. Kukwera mitengo sikunathe msanga ngati mmene analonjezera, chifukwa kunatsika pansi pa 10 peresenti pachaka mu 1999, patatha zaka pafupifupi khumi.

Ndipo anthu anali ndi njira yolangira olamula popanda kugwetsa nyumba yonse. Mu 1993 anavotera chipani cha SLD, cha omwe kale anali achikomyunisiti, ndipo mu 1995 Aleksander Kwaśniewski wa mbali yomweyo anagonjetsa Wałęsa pa upulezidenti. Atabwererawo sanabwezeretse chikomyunizimu. Nduna yawo ya zachuma, Grzegorz Kołodko, amanena mpaka lero kuti Balcerowicz anafinya mopitirira muyeso ndi kupha makampani amene akanapulumuka, ndipo kuti chuma chinakula msanga m'zaka zake, 1994 mpaka 1997, chifukwa anafewetsa zinthu. Balcerowicz amayankha kuti popanda kuzimitsa moto wa mitengo mu 1990 sipakanakhala choti Kołodko akulitse. Ine ndimaona kuti Balcerowicz akulondola pa nkhani ya mitengo ndi kusindikiza ndalama, zimene sizikanatheka kuchita pang'onopang'ono, ndipo Kołodko akulondola kuti chiwongoladzanja ndi popiwek zinakhala zokhwima nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.

Khomo la ku Ulaya

Chimene chinagwirizanitsa maboma onsewa, a kumanja ndi a kumanzere, chinali cholinga chimodzi: kulowa mu European Union. Kuti alowe anayenera kukonza malamulo awo a zamalonda, a mabanki, a ukhondo wa zakudya ndi ena ambirimbiri kuti afanane ndi a bungwelo, ndipo wabizinesi wa ku Germany kapena ku France ankadziwa kumene dzikoli likulowera asanaikemo ndalama zake. Poland inalowa pa 1 Meyi 2004. Patapita zaka zingapo inakhala dziko lolandira ndalama zambiri kuposa lina lililonse m'bungweli. Pakati pa 2007 ndi 2013 pokha inapatsidwa ma euro oposa 60 biliyoni a chitukuko, kuwonjezera pa ndalama za alimi. Misewu ikuluikulu, njanji, mapaipi a madzi ndi mabwalo a ndege zimene mlendo amaona lero zinamangidwa ndi thandizo limenelo. Alimi, amene ankaopa kwambiri kulowa m'bungweli, anadzakhala m'gulu la opindula: Poland tsopano ndiyo imatsogola mu EU pa maapozi ndi nyama ya nkhuku.

Khomo lomwelo linatulutsanso anthu. Britain, Ireland ndi Sweden analola anthu a ku Poland kudzagwira ntchito kuyambira tsiku loyamba, ndipo achinyamata ochokera m'matauni opanda ntchito aja anapita mwaunyinji. Panafika nthawi imene oposa 2 miliyoni ankakhala kunja, ndipo ku Britain kokha anayandikira miliyoni imodzi. Amalawi ndi anthu a ku Zambia amene amagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba kapena m'mafakitale a ku Britain akuwadziwa bwino anthu amenewa, chifukwa amagwira nawo limodzi. Kutsika kwa ulova ku Poland pambuyo pa 2004 kunachokera mbali ina pa kusamukaku, ndipo kunasiya ana ambiri akuleredwa ndi agogo.

Otsala kumudzi anapeza ntchito m'mafakitale opanga zipangizo za magalimoto, mipando, mafiriji ndi makina ochapira, zambiri zopita ku Germany, imene ili pafupi ndipo ndiyo imagula katundu wambiri wa ku Poland. Maphunziro anathandiza. Chikomyunizimu chinasiya anthu pafupifupi onse akudziwa kulemba ndi kuwerenga, amisiri ndi mainjiniya ali ambiri, ndipo chiwerengero cha ophunzira m'mayunivesite chinakwera kuchoka pa pafupifupi 400,000 mu 1990 kufika pafupifupi 2 miliyoni cha m'ma 2005. Pamene chuma cha dziko lonse lapansi chinagwedezeka mu 2009, Poland yokha mu EU ndiyo inakula. Inathandizidwa ndi msika wake wa m'dziko umene ndi waukulu, ndalama za EU, komanso kukhala ndi ndalama yakeyake: zloty inatsika mphamvu, katundu wake n'kutchipa kunja, pamene mayiko omangirira ndalama zawo ku euro analibe mwayi umenewo. Polowa mu EU munthu wa ku Poland ankapeza pafupifupi theka la zimene munthu wamba wa m'bungweli amapeza. Pofika 2023 anali pa magawo pafupifupi anayi mwa asanu.

Anthu oiwalika aja anadzabwerera kudzera m'bokosi la mavoti. Mu 2015 chipani cha Prawo i Sprawiedliwość cha Jarosław Kaczyński chinapambana ndi mavoti a m'midzi, a m'matauni ang'onoang'ono ndi a chigawo cha kum'mawa chimene chinatsalira. Uthenga wake unali woti phindu la zaka 25 lagwera mizinda ikuluikulu ndi makampani akunja, pamene achinyamata ambiri akugwira ntchito za makontirakiti osakhalitsa opanda tchuthi kapena chitetezo. Panali choonadi m'menemo: mabanki ambiri anali atagulidwa ndi akunja, ndipo Biedronka, sitolo yopezeka pafupifupi m'tauni iliyonse, ndi ya kampani ya ku Portugal. Mu Epulo 2016 anayamba kupereka ma zloty 500 pamwezi kwa mwana aliyense kuyambira wachiwiri, kenako mu 2019 kwa ana onse, ndipo anabweza zaka zopumira pantchito kukhala 60 kwa amayi ndi 65 kwa abambo. Akatswiri ambiri, Balcerowicz ali patsogolo, anachenjeza kuti thumba la boma libooka. Silinabooke m'zaka zimenezo, ndipo umphawi wadzaoneni pakati pa ana unatsika. Boma lomwelo linalowerera makhoti ndi nyumba zoulutsira mawu za boma, zimene zinali zoipa ndithu ndipo zinachititsa kuti EU iimitse ndalama zina. Koma Donald Tusk atabwerera pa udindo wa nduna yaikulu mu Disembala 2023 sanayerekeze kukhudza ndalama ya ana ija, imene kuyambira Januwale 2024 ndi ma zloty 800.

Mavuto a lero ndi ena. Ulova uli cha m'ma 3 peresenti malinga ndi kawerengedwe ka EU, ndipo dziko limene linkatumiza ana ake kunja tsopano likusowa antchito. Anthu a ku Ukraine anali atabwera kale ambiri nkhondo ya 2022 isanayambe, ndipo itayamba anawonjezeka. Ndalama ya ana siinachulukitse ana: mayi mmodzi amabereka ana osafika 1.2 pa avareji, chiwerengero cha anthu chikutsika, ndipo openshoni akuchuluka. Malipiro akukwera, ndiye kuti mwayi wokhala fakitale yotchipa ya Germany ukuchepa, pamene makampani a ku Poland enieni odziwika kunja, monga CD Projekt yopanga masewera a pakompyuta ndi InPost yotumiza katundu, akadali owerengeka. Boma likuwononganso oposa 4 peresenti ya chuma chake pa asilikali chifukwa choopa Russia.

Ndiye pali malasha. Magetsi oposa theka amachokerabe ku malasha, ndipo siteshoni ya Bełchatów ndiyo imatulutsa mpweya woipa wambiri kuposa ina iliyonse mu EU. Malamulo a bungweli akukwezera malasha mtengo chaka ndi chaka, moti migodi ya ku Silesia iyenera kutsekedwa, ndipo anthu zikwi makumi angapo akugwirabe ntchito m'menemo. Ulendo uno boma silinalengeze tsiku limodzi. Linakhala pansi ndi mabungwe a ogwira ntchito m'migodi, ndipo mu 2021 anasainirana pangano lakuti migodi izitsekedwa umodziumodzi, antchito azisamutsidwira ku migodi ina kapena kulandira ndalama zopumira, ndipo womaliza udzatsekedwe mu 2049.